Ofesi Yanga Ili Kuseri kwa Chimbudzi

Loweruka lapitali amai a kunyumba anandipatsa K50 kuti ndikagule kapenta ndi tomato. Ine, monga mutu wa banja woona patali, ndinakhotera pa kantemba ka pakona n'kugula bandulo. Foni inalira, uthenga unalowa wondithokoza kuti ndine kasitomala wokondedwa. Chikondicho chinakhala mphindi 38. Kenako kunabwera uthenga wina wondiuza kuti ndatsala ndi ziro, koma ndikafuna atha kundikongoza. Kapenta akatha amasiyako fungo m'nyumba, anansi n'kudziwa kuti pano padyedwa. Bandulo sisiya ngakhale fungo.

M'mphindi 38 zimenezo banja lathu lonse, kuchokera kuno ku Chaisa, ku Katete, ku Kitwe, ku Johannesburg mpaka ku Texas, linakambirana mozama mfundo imodzi yokha. Mfundo yake ndi iyi: "Mukundimva?"

Anaitanitsa msonkhano wa pa Zoom umenewo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene anapita ku America kukaphunzira, n'kuphunzira mpaka kuiwala kuti mchombo wake unagwera pa poloti ya zitseko zisanu ndi zinayi. Nkhani inali ya chiliza cha malemu agogo ake ku Katete, chimene takhala tikuchimanga ndi pakamwa kuyambira 2019. Dzulo lake ananditumizira malangizo. "Amalume, muwerenge bwinobwino, kuti ulendo uno msonkhano ukhale waphindu." Akuti ndipeze chipinda chachete. Akuti pankhope panga pakhale kuwala kokwanira. Akuti intaneti ikhale yosadukaduka, ndipo ngati sindikulankhula ndizitseka maikolofoni.

Chipinda chachete! Mwana ameneyu ndinamusintha matewera ine. Khoma lathu ndi lopyapyala moti aneba akayetsemula, chimfine chimagwira ine. Kumanja kuli mnyamata wowotcherera mageti, kumanzere kuli tchalitchi cha anthu khumi ndi zokuzira mawu zinayi, ndipo pakati pali tambala wa alandilodi amene sanauzidwepo kuti kunacha kale. Za kuwala sindinenako zambiri. Madzi atachepa ku Kariba mu 2019 tinaphunzira kudya nsima mongofufuza, ndipo chilala cha 2024 chitabwera panali nthawi imene malaiti ankabwera maola atatu okha pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku ngati mfiti. Ine pa Zoom ndimaoneka mano okha. Achibale akaona mano awiri akuyandama mumdima amadziwa kuti amalume afika.

Koma netiweki ndinaipeza, ndipo ndimanyadira kafukufuku ameneyu. Pa poloti yonse imagwira malo amodzi: kuseri kwa chimbudzi, utakwera pa mabuloko awiri, dzanja lamanja m'mwamba kuloza ku Great North Road ngati munthu wolumbira kukhoti. Pamenepo ndiye pa ofesi yanga. Vuto lake n'lakuti ofesiyi ndimagawana ndi mabanja asanu ndi anayi, ndipo ena mwa iwo amabwera ndi nkhani zofulumira kuposa chiliza.

Ofesiyi ndinaitsegula mu 2020. Mukukumbukira. Pa 18 Malichi chaka chimenecho boma linalengeza kuti anthu awiri oyamba apezeka ndi Covid-19 m'dziko muno. Sukulu zinatsekedwa, kenako pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anatseka mabala n'kulamula kuti anthu asasonkhane opitirira 50. Apampando a chilimba chathu, munthu wopuma pantchito amene amamvera nkhani za pa wailesi ataimirira, ananena kuti nafenso tiyende ndi dziko. Dziko linkayendadi: eni ake a Zoom ananena kuti olowa m'misonkhano yawo pa tsiku anachoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020. Pa anthu 300 miliyoni amenewo, khumi ndi awiri tinali ife.

Kungoti mafoni otha kunyamula Zoom tinali nawo atatu. Choncho, pofuna kupewa kusonkhana, tinkasonkhana anayianayi pa foni imodzi, masaya atagundana, kupumirana m'khutu. Kale tikamakumana pansi pa mtengo wa mango aliyense ankakhala pa benchi lake. Zoom ndi imene inandidziwitsa kuti amai ena a m'gulu lathu amadya adyo m'mawa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma sanatiuze kuti mitu inayi isenze foni imodzi.

Ine anandisankha kukhala mlembi, chifukwa ndili ndi bolopeni. Kope la zokambirana ndikadali nalo. Msonkhano woyamba unayamba ndi pemphero, limene akulu ampingo anapereka kwa mphindi zisanu maikolofoni ali otseka. Ife tinangoona milomo ikugwedera, ndipo tikukhulupirira kuti kumwamba kunamveka. Kenako apampando anafunsa ngati tikuwamva. Tinati tikuwamva. Iwo sanatimve tikunena kuti tikuwamva, ndiye anafunsanso mokweza. Amai a adyo anayankha m'Chinyanja cha m'tauni kuti, "Timvela, imwe munimvela?" Apa gulu linagawikana pawiri, omva koma osamveka ndi omveka koma osamva. Ndinayamba kulemba timizere pa "mukundimva" aliyense, monga amachitira ogulitsa mowa wangongole. Nditafika pa mzere wa 61, mphindi 40 zimene Zoom imapereka mwaulere zinatha, ndipo tonse tinatayidwa kunja ngati oledzera. M'kope ndinalemba kuti msonkhano unayenda bwino, panalibe mkangano.

Amene anaimvetsa bwino sayansi imeneyi ndi asungichuma. Netiweki yawo inali yamphamvu pa nkhani ya maliro, ya mpira ndi ya mitengo ya unga. Koma wina akangoti, "Asungichuma, nanga ndalama ya mwezi watha?" nkhope yawo inkauma gwa, maso osaphethira, kukamwa kuli yasa. Miyezi itatu tinkawamvera chisoni. Tsiku lina ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona ntchentche ikuyenda pamphuno pawo. Chithunzi chouma, ntchentche yamoyo. Munthu uja anapirira mpaka inafika pa diso.

Ine ndinamvekapo bwino kamodzi kokha m'moyo wanga wonse wa pa Zoom. Pa msonkhano wina wa banja ndinkaganiza kuti ndatseka maikolofoni, ndipo ndinauza mnzanga wina maganizo anga onse okhudza apongozi anga ndi kuchuluka kwa shuga amene amathira mu tiyi. Tsiku limenelo netiweki inali yoyera ngati madzi a m'botolo. Anamva a ku Kitwe. Anamva a ku Johannesburg. Apongozi, amene zaka zonsezi amati khutu lawo lakumanzere linafa, anamva ndi makutu onse awiri.

Pofuna kukonza mlandu umenewo ndi pamene ndinagwera m'dzenje lina la mphwanga. Apongozi ankakwanitsa zaka 80 mu Disembala 2020, ndipo iye anati, "Amalume, kuno sitikuchita maphwando. Timapanga mdipiti wa magalimoto. Mwini tsiku amakhala pakhonde, abale amadutsa pang'onopang'ono akuimba mahutala, mabaluni ali petupetu, aliyense m'galimoto mwake. Palibe kukhudzana." Anatumiza ndi kanema yemwe. Msewu wake wotakata ngati bwalo la ndege, udzu wometedwa, agogo achizungu akubayibitsa ngati mfumukazi.

Ndinati zimenezi n'zochepa. Ndinayenda m'banja lonse kuwerenga magalimoto, ndipo ndinapeza imodzi, Corolla ya alamu anga imene imalira pokhapokha anthu atatu aikankhe. Ndinawonjezera mawilibala anayi a anyamata a Zamcab, njinga ya wogulitsa malasha, ndi ine kutsogolo nditavala jekete la ukwati. Mahutala tinalibe okwanira, choncho ana ananyamula zivundikiro za mapoto.

Walira mvula walira matope. Disembala ku Chaisa njira zimasanduka mitsinje, ndipo Corolla inatitimira pa dziwe loyamba, mamita ochepa kuchoka pamene inayambira. Alamu anapanikiza hutala kuitana thandizo. Tsono muyenera kudziwa kuti m'komboni hutala ndi kuitana. Kumayadi, ku Kabulonga kapena ku Ibex Hill, galimoto ikalira anthu amasuzumira pa katani. Kuno amatuluka ndi ana kumsana. Ena ankati ndi maliro, ena ankati ndi chilanga mulilo, ena anamva kuti kukugawidwa unga. Pamene tinkafika pakhomo pa apongozi tinali khamu loti wapolisi akanatha bolopeni polemba maina, Corolla itanyamulidwa m'manja ngati bokosi, aliyense atagwira mnzake kuti asaterereke. Apongozi anatuluka, anayang'ana chikhamu chonsecho, n'kundifunsa kuti, "Apongozi, anthu onsewa adya chiyani?" Ndinayesa kuuma nkhope ngati asungichuma. Pamaso ndi pamaso sizigwira.

Ndinkadziona ngati chitsiru mpaka 2021, pamene akuluakulu a dziko anatengera nzeru yanga. Pokonzekera chisankho cha pa 12 Ogasiti misonkhano ikuluikulu ya kampeni inaletsedwa chifukwa cha mliri, ndipo mwadzidzidzi andale a mbali zonse anasanduka anamwino. Ankayenda m'midipiti ya magalimoto akuti akugawa mamasiki, makamu akuthamangira m'mbuyo, mapewa atagundana kuposa pa phwando la apongozi. Kusiyana kwake n'kwakuti magalimoto awo sankafuna kukankha. Ndipo aliyense akatulutsa mutu padenga la galimoto, mawu oyamba pa chokuzira mawu anali omwe aja a apampando athu: "Chaisa, mukundimva?"

Timakumvani, mabwana. Takhala tikukumvani kuyambira kale, ndipo netiweki ya mbali yathu sinadukepo. Munati tizisamba m'manja pafupipafupi, tinamva, ngakhale madzi timagula pa chigubu n'kuwerengera kapu iliyonse. Munati titalikirane mita imodzi, tinamva, tili asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Munati tigwirire ntchito kunyumba, anamva ndi amai ogulitsa tomato ku Soweto Market omwe. Koma kolera inabuka m'makomboni a Lusaka mu Okutobala 2017, inabweranso mu 2023, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium, limene timaliona tikaima pamsewu, linadzaza mabedi a odwala m'malo mwa ochemerera mpira, sukulu n'kukhala zotseka mpaka Febuluwale. Matenda amenewo sachokera kunja pa ndege. Amachokera m'chimbudzi ngati chimene ine ndimaimapo, mvula ikachisefukiritsa n'kulowa m'zitsime zosaya. Ngalande sikumbidwa pa Zoom. Mipope siyalidwa ndi mdipiti. Ife tikafunsa za zimenezi, nkhope za pamwamba zimauma gwa, ndipo ntchentche timaiona ikuyenda.

Pepani, ndinakwera mabuloko atatu m'malo mwa awiri. Nditsike.

Msonkhano wa Loweruka unathera pamene mphwanga ankati, "Tsopano tilowe mu mfundo yoyamba." Pomwepo bandulo inafa, ndipo kumbuyo kwanga mwana wa aneba anali akuvinavina ndi kachitini ka madzi m'manja, akuti, "Ankolo, mwatsiriza?" Madzulo mphwanga analemba pa WhatsApp kuti zokambirana zinali zolimbikitsa, ndipo tikumanenso Loweruka likubwerali. Agogo ku Katete adikirabe. Mwayi wake ndi anthu odekha.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza madzi a nsima ali pambaula, amai a kunyumba atatambasula dzanja.

"Abambo, kapenta uja?"

Ndinaima chilili. Maso osaphethira, kukamwa yasa. Ndinachita bwino kwambiri moti asungichuma akanandiombera m'manja.

"Abambo, mukundimva?"

Sindinagwedezeke. Anatembenuka modekha n'kutola mthiko.

Netiweki inabwera yonse nthawi imodzi.