Akita safa, wotha ndine

Kuno ku Senga Bay tili ndi nyengo ziwiri zomwe mwamuna angakhale chikhalire popanda womunena ulesi. Yoyamba ndi ya mwera, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene nyanja imakwiya masiku otsatizana, mabwato n'kugona pamchenga. Yachiwiri imabwera mwezi ndi mwezi: kumwamba kukawala, usipa sulabadira nyali za siginala, poti wapeza nyali yaulere. Ine panyanja sindipita, madzi akangofika m'chiuno ndimayamba kulapa machimo. Geni yanga ndi yooda usipa kudoko, kuuyanika pathandala ndi kukagulitsa pa Kamuzu Road. Koma asodzi akapuma nanenso ndapuma, ndipo tonse timakathera malo amodzi, m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika.

Pabenchi yakutsogolo m'kanyumba kameneka ndakhalapo kuyambira nthawi ya matepi, kudutsa ya ma CD, mpaka lero pamene mafilimu a mwezi wonse amakwana mu fulashi imodzi m'thumba la malaya. Ndiye anyamata akamandifunsa kuti, "Madala, mafilimu atsopanowa ngotayira ndalama?" ndimayamba ndakhosomola kaye, monga amachitira anthu ophunzira. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma pa za Rambo palibe angandiphunzitse.

Tiyambe ndi omenyana, poti ndiwo amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabolodi panja. Ife tinakulira pa Commando wa 1985. Nkhani yake inali yosavuta: amubera mwana wamkazi, Schwarzenegger akokolola mfuti m'sitolo, apita kukamutenga. Ola limodzi ndi theka zatha, ukafika kunyumba nsima ikadali yofunda. Lero John Wick: Chapter 4, yomwe inatuluka mu 2023, imadya pafupifupi maola atatu, pomwe benchi yathu ndi thabwa losapala lopanda potsamira. Ndipo mukafufuza chiyambi cha mkanganowo, mupeza kuti mu 2014 anyamata ena anamuphera kagalu mkuluyu n'kumubera galimoto. Basi. Mafilimu anayi, anthu mazanamazana kumanda, nkhani ya galu. Kwathu kuno mlandu wotere amfumu akanaugamula Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango: wolakwa alipe nkhuku ziwiri, galimoto abweze, masana onse akhala pabawo.

Chakumapeto, ku Paris, mkuluyu amakwera masitepe oposa 200 uku akumenyana. Atangoti afike pamwamba, wina amuponda teche n'kugubuduka mpaka pansi penipeni. Adzuka, akonza tayi, ayambanso. Suti yake chipolopolo sichilowa. Yanga ya ukwati inagonja kwa njenjete chaka chachiwiri chomwe. Ine ndinangoterereka pamwala wandere ndikutsuka dengu, mayi a kunyumba anandithowa ndi madzi otentha mpaka anatopa nane. Komabe ndisaname, pamasitepe paja ndinaimirira n'kumakuwa, mpaka a kumbuyo anandikoka malaya kuti ndikuwatchinga. Filimuyo ikutha anatisonyeza manda ake. Palibe anakhulupirira. Tinakhala pomwepo mayina onse akudutsa, kudikira kuti adzuke, chifukwa lamulo lomwe tinaphunzira tili ana ndi loti akita safa.

A Fast & Furious ndiye anasiya kalekale kunamizira kuti akunena zoona. Mu F9 ya 2021 anamangirira roketi pagalimoto n'kuiponya kunja kwa dziko. M'kanyumba mwathu zimenezo sizinadabwitse munthu. Chinazunguza anyamata a kabaza n'chakuti magalimoto amenewa amathamanga usiku ndi usana koma sitinaonepo Vin Diesel atanyamula chigubu pamzere wa mafuta. Mmodzi anatuluka filimu ili mkati, akuti za mizimu amaonera koma bodza lotere ayi.

Amene ndimamuvulira chipewa ndi Tom Cruise. Anabadwa mu 1962, dziko lathu lisanalandire ufulu, koma mu Mission: Impossible ya 2023 anathamangitsa njinga yamoto mpaka kumapeto kwa phiri ku Norway, kuisiya m'malere n'kutsika ndi parachuti, iye mwini, osatuma wina. Kuno tili ndi asilikali a Parachute Battalion, ndiye kudumpha m'mwamba timadziwa kuti si masewera. Ine kwa mkuluyu ndine mng'ono wake, koma kabaza ikangodumpha bampu popita kuboma ndimagwira malaya a woyendetsa n'kumuchonderera, "Pang'onopang'ono mwanawe, ndili ndi ana."

Tsono chinsinsi cha mafilimu onsewa si Hollywood ayi. Ndi mnyamata uja womasulira m'Chichewa, yemwe sitinamuonepo nkhope. Iyeyu amayankhulira aliyense: akita, mkazi wa akita, bosi wa adani, ngakhale galu. New York amaisandutsa Limbe, madola amawasintha kukhala makwacha pamtengo wodziwa yekha, ndipo azungu akangoyang'anana osayankhula, iye amatiuza zomwe akuganiza, nthawi zambiri za ngongole. Amachenjezanso mdani kuti, "Achimwene, pamene mukupitapo simubwerako," ndipo sabweradi. A COSOMA, omwe amayang'anira za umwini wa luso, mwina ali ndi mafunso awo pa ntchito imeneyi. Ine ndimangodziwa kuti tsiku lina mwini vidiyo anaika filimu yosamasulira, ndipo mawu okha omwe ndinamva bwinobwino anali a mfuti. Choncho omenyanawa onerani, koma funsani kaye pakhomo ngati ili yomasulira. Ikakhala yosamasulira, ndalamayo gulani chinangwa chokazinga.

Tibwere ku awa a zamtsogolo, a zolengedwa za kumaiko a kumwamba. Avatar: The Way of Water ya James Cameron, ya 2022, akuti inapeza madola oposa mabiliyoni awiri. Sindikudziwa ngati powerengapo anaphatikiza zomwe tinapereka ife. Ndi ya maola atatu ndi mphindi 12, ndipo ndi ya anthu a buluu a michira omwe athawira kwa anzawo okhala m'mbali mwa nyanja. Apa ndiye opanga filimu anaputa olakwika, chifukwa m'kanyumbamo munadzaza akatswiri. Mudzi wonse wa kunyanja, palibe thandala ngakhale limodzi. Palibe wokangana mtengo wa ndowa ya nsomba. Palibe mayi wokalipira mwana kuti atuluke m'madzi. Mkulu wina wa alovi anafunsa mokweza kuti kodi anthu amenewa ndiwo amazitenga kuti.

Koma mkwiyo weniweni unabuka pamene azungu a sitima anapha chinsomba china chachikulu, kuchiboola m'mutu, kupopamo timadzi todzaza kabotolo kamodzi, n'kusiya nyama yonse ikuyandama. Kanyumba konse kanati "Aaaa!" Ena anali achisoni chifukwa chinali ndi mwana. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinali kuwerengera madengu. Msodzi wina anati zimenezi ku Mbenji sizingachitike, ndipo sananame. Pachilumba chimenechi, mwa lamulo la a Senior Chief Makanjira, nsomba zimapumitsidwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo mowa ndi njuga siziloledwa kuponda. Cameron anawononga ndalama zankhaninkhani kuti atiuze kuti nyanja isamalidwe, pomwe akanangokwera boti n'kukafunsa amfumu.

Dune: Part Two ya 2024 ndi yosiyana kwambiri: mchenga wokhawokha, dontho la madzi kulibe. Anthu amavala zovala zomwe zimasefa thukuta lawo kuti alimwenso, ndipo munthu akafa amamufinya madzi. Ife tinaonera tili ndi nyanja yonse kuseri kwa chipupa, tikukupiza ndi zikatoni, thukuta likutayika pachabe. Ulendo wawo amakwera chinyongolotsi chotalika kuposa sitima ya pamtunda. Womasulira anangoti, "Nyambo ndi imeneyo asodzi inu, mbedza muli nayo?" ndipo mkangano wa kukula kwa kampango yemwe angameze nyongolotsi imeneyo unapitirira mpaka kudoko mawa lake.

Vuto la mafilimu a mtundu umenewu ndi lakuti anapangidwira chinsalu chachikulu cha m'holo yamdima, ndipo ku Salima kulibe. Yathu ndi TV yokoleka pakhoma, dzuwa likulowera m'mabowo a malata, ndiye zochitika usiku timazimva ndi makutu. Mdzukulu wanga anandithirira Dune yomweyo mu foni kuti ndikaonere kunyumba. Foni yanga galasi lake linasweka pakati, choncho chinyongolotsi chija chinatuluka ziwiri, zonse zazifupi kuposa chala. Onerani ngati muli ndi TV yaikulu ndi magetsi okhulupirika. Ngati muli nazo zonse ziwirizi, mundiitaneko.

Tsopano a nkhani, awa oyankhula okhaokha. Oppenheimer ya Christopher Nolan, ya 2023, inalandira mphoto za Oscar 7. Mwini vidiyo wathu, munthu wodziwa malonda, anangolemba pabolodi kuti BOMBA LA ATOMIKI, ndipo munadzaza mpaka ena anakhala pansi. Chimene tinapeza ndi azibambo a zipewa akusuta fodya, kulemba masamu pabolodi ndi kufunsana mafunso m'kachipinda. Ngakhale womasulira anatopa, anayamba kupereka moni kwa anzake a ku Ndirande. Ine ndinatseka maso kuti ndiganizire bwino masamuwo. Ndinadzidzimuka ndi phokoso la anthu akukalipira mwini vidiyo kuti sipika yafa: bomba laphulika, moto wafika kumwamba, koma kuli zii. Mnyamatayo anathamangira kukakweza voliyumu mpaka kumapeto. Sitinadziwe kuti Nolan anachita dala, poti kuwala kumafika msanga kuposa phokoso. Phokosolo litafika, katswiri wa pabenchi yakutsogolo anapezeka ali pansi pa benchi yachiwiri, patapata imodzi kulibe.

Koma musaganize kuti a nkhani onse ndi mankhwala a tulo. The Boy Who Harnessed the Wind, ya 2019, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, siinafune womasulira. Poyamba tinaseka mpaka nthiti kuwawa ndi Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, yemwe amasewera ngati bambo ake a William. Anayesetsa mkuluyu, koma lilime linkapita kwina, mawu kwina. Kenako filimu inafika pa njala ya 2001 ndi 2002. Anthu akukanganirana chimanga, banja likudya kamodzi patsiku, mwana atathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Kuseka kunatha. Ambiri a ife chaka chimenecho timachikumbukira m'mimba. Kunonso galu amafa, galu wa William, wafa ndi njala, ndipo palibe yemwe akuwomberedwa chifukwa cha iye. Mnyamatayo angomukwirira n'kubwerera ku zitsulo zake. Pamenepo maso anga anayamba kuchucha, ndipo ndinalengeza mokweza kuti utsi wa jenereta wanyanya. Tsiku limenelo magetsi analipo.

Ndinapempha mwini vidiyo kuti tsiku lina aike The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012, ya msodzi yemwe nsomba zikumuthera pomwe gombe lake ladzaza alendo odzaona nyanja. Anandiyang'ana mwachisoni. "Madala," anatero, "anyamatawa alipire ndalama kuti aone zomwe akuziona ulere akangotuluka pakhomopo?" Loweruka lake anaika Jason Statham akulimbana ndi chishaki ndi mkondo ali panjinga ya pamadzi, ndipo munadzaza. Nanenso ndinalimo, kutsogolo.

Mayi a kunyumba ndiye safuna n'kumva komwe. Iwo akuti mafilimu anga ndi a ana, pomwe eni ake madzulo aliwonse ali kwa aneba pa Zee World, kumene mkazi mmodzi amatha sabata yathunthu akutembenuka kuti aone yemwe walowa pakhomo. Nditawauza zimenezi anandiwerengera ndalama zonse zomwe ndasiya kuvidiyo chaka chino, n'kuzisandutsa malata. Akuti khitchini bwenzi itafoleredwa. Pofuna kusintha nkhani ndinawaululira maganizo anga aakulu: kuti ndikufuna kupanga filimu yathuyathu ya ku Senga Bay, ya wogulitsa usipa yemwe zigawenga zamubera dengu pa Kamuzu Road, iye n'kuzilondola pakabaza mpaka ku Chipoka. Akita ndine.

Anandiyang'ana kuyambira kudazi, kudutsa pamimba, mpaka ku patapata zosiyana mitundu.

"Inu abambo," anatero, "m'filimu imeneyo mungakhale aja amafa mayina asanathe kulembedwa. Kaanuleni usipa, kukubwera mitambo."