Mvuu ya Mtengo ndi Mbale Yosabwerera Yopanda Kanthu

Mukuni Park ndi bwalo la mitengo yamthunzi lomwe lili m'mphepete mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, pakati penipeni pa tauni ya Livingstone ku Zambia, ndipo kumaso kwake kwandandalika timashopu ta ogulitsa ziboliboli, madengu, mikanda, ng'oma ndi nsalu za chitenje. Malowa, omwe m'nthawi ya atsamunda ankatchedwa Barotse Centre, ndi amodzi mwa malo akale kwambiri m'tauniyi, imene inakhazikitsidwa mu 1905 pamene mlatho wa pa Zambezi unatha kumangidwa ndipo azungu anasamuka ku Old Drift, kumene malungo anali kuwapulula. Dzina la lero ndi la Mfumu Mukuni ya Aleya, eni dziko la pa mathithi a mtsinje wa Zambezi, amene mudzi wawo ndi wotchuka pa luso losema. Choncho tauniyi yakhala ikudyera ntchito ya manja kwa zaka zoposa 100, ndipo munthu angayembekezere kuti anthu ake amalemekeza chinthu chopangidwa pamanja kuposa a kwina kulikonse. Zimene zimaoneka m'sabata ya Khirisimasi zikusonyeza kuti ulemuwo ulipodi, koma umathera pa malire a bwaloli.

Nkhani yake ndi yakuti chinthu chopangidwa pamanja chimalemera kapena kupepuka malinga ndi amene akuchilandira. Kwa mlendo wochokera ku London kapena ku Berlin, amene wabwera kudzaona mathithi omwe David Livingstone anafikapo mu Novembala 1855, mawu akuti chinthuchi chasemedwa pamanja amakweza mtengo wake kangapo, ndipo mng'alu uliwonse kapena mwendo wopendekeka zimasanduka umboni wakuti makina sanakhudzeko. Kwa mayi wa ku Maramba, ku Dambwa kapena ku Libuyu, amene walandira mphatso kuchokera kwa alamu ake, mawu omwewo ndi chivomerezo chakuti bonasi ya chaka chino sinatuluke, kapenanso kuti inatuluka koma inalowera ku chibale cha mbali inayo. Pachifukwachi m'tauni imodzi mumachitika ntchito ziwiri zofuna luso lofanana, yoyamba yochititsa katundu wopikula kuoneka wosema yekha, ndipo yachiwiri yochititsa chakudya chophika yekha kuoneka chogula.

Ntchito yoyambayo imagwiridwa makamaka ndi abambo ndipo imachitikira poyera. Mitengo yodziwika m'chigawochi ndi mukwa, womwe ku Malawi amati mlombwa, ndi mukusi, mtengo wolimba wofiirira umene unachititsa kuti njanji ya ku Mulobezi imangidwe; koma mlendo anamva ali kwawo za phingo, mtengo wakuda bii, ndipo safuna kubwerera wopanda phingo. Popeza phingo ndi wosowa pamene polishi wa nsapato ali m'golosale iliyonse, amalonda ena, omwe anzawo oona mtima amawadandaula, anathetsa vutoli ndi burashi, kotero kuti njovu yomwe inali yotuwa m'mawa imakhala itada pofika masana. Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti wogulitsa aliyense anasema yekha katundu wake yense ataphunzitsidwa ndi agogo ake aamuna, ngakhale kuti mvuu yonenepa imodzimodziyo, ya makutu omwewo ndi kumwetulira komweko, imapezeka kuyambira m'shopu yoyamba mpaka yomaliza. Wofufuza wosamala alibe chifukwa chotsutsira umboni umenewu, ndipo angangolemba kuti agogowo anali ndi adzukulu ambiri.

Mtengo nawo umatsata chilankhulo. Wofunsa m'Chingelezi amauzidwa wina, wofunsa m'Chinyanja cha ku Lusaka makiyi a galimoto ali m'manja amauzidwa wina, ndipo wofunsa m'Chitonga kapena m'Chilozi amayamba wafunsidwa kuti akugulira yani, chifukwa n'zodziwikiratu kuti sakugulira nyumba yake. Kunenerera kukafika pothina, malonda amatha kutsirizidwa ndi masokosi kapena chipewa cha mlendoyo, ndipo pamwamba pamaikidwa mbasela, kanthu kaulere kowonjezera, monga kamkanda ka Nyaminyami, mzimu wa m'Zambezi wa Atonga wokhala ndi thupi la njoka. M'malonda onse a alendowa muli mphatso imodzi yokha imene palibe amanena kuti anaipanga yekha, ndiyo ndalama yapepala ya ku Zimbabwe ya madola 100 thiriliyoni, yomwe inatulutsidwa mu 2009, ndipo ubwino wake ndi wakuti munthu wopepuka m'thumba amatha kupatsa mnzake chuma chonsecho osalowa m'ngongole. Koma chofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi chimene wosemayo amachita mvuu ikagulidwa. Amatenga ndalamazo n'kulunjika ku Shoprite, n'kugula chitini cha mabisiketi ochokera ku South Africa, chifukwa iye mwini akudziwa kuti kufika kwa apongozi pa 25 Disembala atanyamula mvuu ya mtengo ndi mlandu wofuna ankhoswe.

Ntchito yachiwiri imagwiridwa ndi amayi ndipo imachitikira kuseri kwa nyumba, kawirikawiri usiku wa pa 24, ana atagona ndipo aneba atatseka makatani. Disembala ku Livingstone ndi mwezi wotentha ndi wamvula, ndipo ngakhale tauniyi ili pafupi ndi malo opangira magetsi a pa mathithi, chilala cha 2024, chomwe chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, chinakumbutsa banja lililonse kuti uvuni wosakhumudwitsa ndi mbaula. Keke ya pa mbaula imaphikidwa pothira mchenga pansi pa mpoto waukulu, kukhazika chitini cha keke pamchengapo, kuvundikira, ndi kuika makala ena pa chivundikiro kuti moto uchokere pansi ndi pamwamba. Luso lonse lagona pa kuchuluka kwa makala a pamwambawo, pakuti akachuluka keke imapserera kunja m'kati ikadali phala. Zikatero popsererapo pamapalidwa ndi mpeni ndipo chilondacho chimabisidwa ndi shuga wopaka pamwamba, amene chifukwa cha kutentha amayamba kutsetsereka nthawi ya mapemphero, n'kuulula chinsinsi chonse alendo atangokhala pansi. Vitumbuwa, zomwe Mmalawi angazitche mandasi popeza ndi za ufa wa tirigu osati za nthochi, zilibe vuto limeneli. Vuto lawo ndi la masamu, chifukwa chiwerengero cha usiku sichigwirizana ndi cha m'mawa, ndipo mwana aliyense wa m'nyumbamo, milomo ili nyezinyezi ndi mafuta, amachitira umboni kuti anagona tulo tosatembenuka.

Chikanda chili pa mlingo wina. Chakudyachi, chomwe chinachokera kwa Abemba ndi mitundu ina ya kumpoto koma tsopano chimadyedwa m'dziko lonse, chimapangidwa ndi timizu tozungulira ta maluwa a m'madambo, tomwe timaumitsidwa, kusinjidwa ndi kuphikidwa pamodzi ndi nsinjiro, soda ndi tsabola mpaka zitalimba moti n'kudulidwa ndi mpeni. Popeza timizuti takumbidwa kwambiri m'Zambia mpaka tina tikuchita kubwera kuchokera ku Tanzania, chikanda n'chodula, ndipo n'chimodzi mwa zophika pakhomo zochepa zimene mwini wake sachita nazo manyazi. Kadulidwe kake ndi kaundula wa chibale wodalirika kuposa wa kwa mfumu: chigawo cha apongozi n'chochindikala, cha abusa chimatsatira pafupi, cha alamu chimadalira mmene chaka chayendera, ndipo cha aneba amene mbuzi yawo inadya ndiwo za m'dimba mu Okutobala chimakhala chopyapyala moti dzuwa limaonekera mbali inayo. Zakumwa nazo zili ndi khalidwe lawolawo. Munkoyo ndi phala la ufa wa chimanga lothiridwa mizu yosinja ya chitsamba cha dzina lomwelo, imene imasungunula phalalo n'kulitsekemeretsa, ndipo chibwantu cha Atonga n'chofanana nawo koma chimakhala ndi misere yotafuna. Pa 25 chilichonse mwa ziwirizi ndi chakumwa choyenera akulu a mpingo. Pofika pa 28 chimakhala chitabwerera m'mbuyo pa chikhulupiriro, ngakhale kuti ochimwa amapitiriza kuchitchula ndi dzina lake laubatizo.

Zophikazi zikatha pamatsala mwambo wa chitini ndi thumba. Chitini cha mabisiketi cha chaka chatha, chomwe miyezi yonseyi chakhala chikusunga singano, mabatani ndi makadi a kusikelo, chimakhuthulidwa, kutsukidwa ndi kudzazidwa masikono a pa mbaula, kenako chimalowetsedwa m'thumba la shopu yaikulu lomwe lakhala likuwongoka kunsi kwa matiresi. Wolandira amadziwa zonsezi, ndipo wopereka amadziwa kuti mnzakeyo akudziwa, koma mawu a mwambowu sasintha. Wolandira amati, "Alamu, mwavutikiranji chonchi?" ndipo wopereka, akubisa chipsera chatsopano cha pa mkono, amayankha kuti, "Aa, ndi kakang'ono chabe, ndimangodutsa m'tauni." Wolandira wa mtima wabwino amalekera pomwepo. Wa lilime lakuthwa amatsekula chitinicho, kulawa sikono imodzi, n'kunena mofatsa kuti masiku ano a kushopu ayamba kuphika ngati a pakhomo, ndipo chiganizo chimenechi, chomwe palibe bwalo lingachipeze cholakwa, chatha kuziziritsa chibale mpaka Isitala.

Katswiri wa ku France, Marcel Mauss, analemba mu 1925 kuti mphatso ili ndi maudindo atatu, kupereka, kulandira ndi kubweza, mfundo yomwe Achewa anali ataifupikitsa kale ponena kuti kupatsa n'kuika. Livingstone ndi malo oyenera kuyeserapo mfundoyi, poti m'tauni momwemu ndi momwe munakhazikitsidwa Rhodes-Livingstone Institute kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo Max Gluckman, amene anatsogolerapo bungweli, anatchuka ndi buku la mu 1955 lofotokoza kaweruzidwe ka milandu pakati pa Alozi. Lamulo la mbale ndi losalembedwa koma ndi lokhwima mofanana ndi malamulo amene iye anafufuza. Mbale yobwera ndi vitumbuwa siyenera kubwerera yopanda kanthu, siyenera kubwerera tsiku lomwelo chifukwa kutero n'kusonyeza kuti mphatsoyo yalipiridwa, ndipo siyenera kubwerera ndi vitumbuwa chifukwa kutero n'kuphunzitsa mnzako kaphikidwe. Mango amalandirika mokakamiza, popeza mu Disembala amagwa okha m'mabwalo ambiri. Ngakhale a Seventh-day Adventist, omwe ndi ochuluka m'chigawo cha kummwera kuyambira pamene mishoni ya Rusangu inatsekulidwa pafupi ndi Monze mu 1905, ndipo ambiri mwa iwo saika tsikuli pa masiku opatulika, sathawa lamuloli. Amangolandira mbaleyo mwaulemu n'kudzaibweza yodzaza pa chaka chatsopano.

Mphatso zosadyeka zili ndi moyo wautali kwambiri chifukwa zimayenda. Tinsalu toluka toyala pa mipando, chopondera pakhomo chosokedwa pa saka ndi zigamba za kwa telala, ndi kachikwama ka chitenje kopanda zipi, zimalandiridwa ndi manja awiri, kuyamikiridwa, n'kusungidwa pamwamba pa wodiropu mpaka chaka chamawa, pamene zimakulungidwanso n'kupita kwa wina. Chopondera chochokera ku Maramba chikhoza kuchereza ku Dambwa, kugona ku Linda, n'kubwerera kwa mwini wake patapita zaka zingapo chisanapondedwepo, ndipo mwini wakeyo amakakamizika kufunsa kuti anachigula kuti chinthu chokongola chonchi. Ana okha ndiwo ali kunja kwa dongosololi, pakuti galimoto ya waya kapena khadi lojambula ku Sande sukulu sizinamizira kukhala za kushopu, ndipo mwina n'chifukwa chake zimakhala zokhazo zimene zimaikidwa poonekera.

Wosokoneza wamkulu ndi m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku Manchester. Banja limasonkha ndalama n'kumugulira wotchi ya pulasitiki ya pakhoma yoimba nyimbo ola lililonse, koma iye, amene zaka za kunja zamusandutsa mlendo, amaika wotchiyo pambali n'kupempha chopondera chija, dengu la Atonga lomwe amasungiramo anyezi, ndi chikanda chokwanira ulendo wonse. Akachoka, azakhali ake amasonkhana n'kugwirizana kuti kunja zinthu sizikumuyendera mwana uja, ndipo ena amamuika m'mapemphero.

Nyengoyi imatha mu Januwale, pamene masukulu akutsekulidwa. Maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere kuyambira mu 2022, koma yunifomu, nsapato ndi makope si zaulere, ndipo ndi pa nthawi imeneyi pamene mayi aliyense amawerenga ziwiya zake n'kupeza kuti zina sizinabwerere. Ochenjera amakhala atalemba dzina lawo kunsi kwa mbale ndi utoto wa m'zikhadabo, ndipo amatuma mwana kukaitenga ndi mawu akuti amayi akupereka moni. Mbale yosabwezedwa pofika tsiku lotsekulira sukulu imawerengedwa kuti yabedwa, ndipo mwini wake ali ndi ufulu woitchula pa ukwati, pa maliro ndi pa msonkhano uliwonse wa chilimba, gulu la amayi osonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, kufikira Khirisimasi yotsatira.