Jit ndi ng'ombe za apongozi

Kwathu ku Zengeza kuno ku Chitungwiza, filimu ya Jit ikangoyamba, nsima imachedwa. Ndi filimu ya mu 1990, anaikonza Michael Raeburn ku Harare. Ana anga amati zithunzi zake n'zachimbuuzi ndipo malaya a anthu ake n'ngochititsa manyazi, amakonda Cook Off imene inalowa pa Netflix mu 2020. Koma akangokhala pansi sadzukanso, ngakhale wopita kumjigo amaiwala chigubu pakhomo.

Nkhani yake n'njachidule. Mnyamata wina, UK, wachoka kumudzi ndipo akukhala m'tauni ndi amalume ake oimba, omwe ndi malemu Oliver Mtukudzi enieniwo. Waona Sofi, mtima wathawa. Sofiyo ali kale ndi chibwenzi, Johnson, munthu wa ndalama zosafunsa kumene zachokera. Bambo ake a Sofi atchula malowolo: wailesi yodula ndi ndalama pamwamba. M'thumba mwa UK muli mphepo yokhayokha. Ndiye pali jukwa, mzimu wa gogo wina wokonda mowa amene amaoneka kwa UK yekha, n'kumamukalipira kuti atumize ndalama kumudzi, kwinaku akumusokonezera kaganyu kalikonse komwe wapeza.

Mayi a kunyumba amati filimuyi sikalamba chifukwa ndi ya chikondi chenicheni. Akamaonera amapukusa mutu, kenako n'kundiyang'ana cham'mbali. "Mwaona, bambo a Chikondi? Mwamuna ndi ameneyu. Akuthamangathamanga chifukwa cha mkazi." Ine ndimangoti eya, maso ali pakanema.

Chimene ine ndimaonerera n'china. UK ndi mwamuna yekhayo m'Zimbabwe muno amene ndinamuonapo ndi maso angawa akuthana ndi nkhani ya malowolo tiyi asanazizire m'kapu.

Bambo anga anachokera ku Dedza, anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya dziko lino likadali Rhodesia. Ankatiuza kuti kwathu kukwatira sikuvuta: upeze ankhoswe, unyamule khasu ndi bulangete, ukamange kanyumba kwa mkazi, ulimire apongozi, basi. Chimene sanandiuze n'choti chikamwini chinatsala ku Dedza komweko. Ine mtima unakagwera mwana wa Chishona wa ku Seke, cha ku Dema uko, kumene mkamwini amalandiridwa ndi pepala.

Pepalalo ndimalidziwa bwino. Analing'amba pakati pa kope la sukulu, ndipo apongozi aamuna amalisunga m'Baibulo, kwa Malaki, pafupi ndi nkhani ya chakhumi. Pali ndalama, jasi la bambo, bulangete la mayi, zakudya, ng'ombe ya amayi imene sakambirana n'komwe, ndi ng'ombe zina za m'khola. Zing'onozing'onozo zinakhwatchidwa kalekale ndi bolopeni yofiira. Ng'ombe za m'kholazo zikadali chiimire, ndipo ndikapita kukacheza zimandiyang'ana. Ashona ali ndi mwambi woti mkamwini ndi mkuyu, nkhuyu zake sizitha ngakhale zidyedwe chotani. Apongozi amaunena akumwetulira, nyama ya nkhuku imene ndabwera nayo ili m'kamwa.

Musaganize kuti sindinayese. Mu 2008, pamene ngakhale wogulitsa tomato pa Chikwanha anali ndi mabiliyoni, ndinadzaza chikwama ndi ndalama n'kukwera kombi ya ku Dema, mtima uli m'mwamba kuti lero ngongole itha ndipo chenji ndibwera nacho. Apongozi anasuzumira m'chikwamamo, anatseka zipi bwinobwino n'kundibwezera. "Mwanangu," anatero, "ng'ombe ili ndi miyendo inayi. Ziro alibe mwendo." Kuchokera apo taona madola a ku America, ma bond note a mu 2016, ZiG ya mu 2024. Ndalama imene UK anakhetsera thukuta inafa kalekale, koma ng'ombe zanga papepala paja sizinaonde ngakhale imodzi.

Jukwa naye ndili naye, wangosintha njira. Wa UK ankatulukira paliponse n'kufuna mowa. Wanga amatulukira pa WhatsApp mwezi wa Okutobala, ndi nambala yoyamba ndi +265, n'kufunsa ngati mwana wa achimwene akukumbukira kuti fetereza wakwera. Sitinaonanepo maso ndi maso, koma tsiku lolandira malipiro amalidziwa kuposa ine.

Filimuyi yayamba kundisokoneza chaka chino. Chikondi wathu wabwera ndi mnyamata wa ku St Mary's, waulemu, nsapato zopukuta, ntchito yake yosamveka bwino. Titaoneranso Jit sabata yathayi, ndinapezeka ndikunena mokweza kuti bambo ake a Sofi ndi munthu woganiza, ndipo wailesi imodzi inachepa. Mayi a kunyumba anatsitsa voliyumu.

"Bambo a Chikondi, si inu mumati kwanu ku Dedza salowola?"

Ndinawakumbutsa kuti ine ndinabadwira kuno. Pepala ndang'amba kale m'kope la mwana wotsiriza: sola ya padenga, thanki ya madzi, jasi, ndi ng'ombe. Ng'ombezo mnyamatayo asavutike kubwera nazo ku Zengeza, ndamujambulira mapu a ku Dema.