Ndinagula dzuwa la m'botolo

Munthu wa zaka 41, ana atatu, imvi zayamba kusuzumira m'ndevu, koma nkhope ili mbwee ziphuphu ngati mnyamata wa Fomu 2. Munthuyo ndine. Tsiku lina wailesi ikukamba za bungwe la ACB lolimbana ndi ziphuphu, mayi akunyumba anandiyang'ana pachipumi n'kunena kuti, "Bambo, pitani mukadzipereke nokha asanakutsateni ndi galimoto."

Palibe chimene sindinapake. Mankhwala otsukira mano, madzi a mandimu, ngakhale sopo wochapira zovala. Kufinya ndiye osanena. Kagalasi ka njinga yanga ya kabaza kakanakhala ndi pakamwa bwenzi nditasamuka ku Domasi.

Kenako anatulukira alamu anga a ku Joni, foni ili m'manja. "Alamu, inu chikusowa ndi vitamini D. Anzathu kunja akumwa ameneyu, khungu kuchita kuti see!" Mawu a munthu wovala jekete yachikopa satsutsika. Ndinapalasa mpaka m'tauni ya Zomba, n'kusiya pakauntala ndalama ya masiku anayi a thukuta. Anandipatsa kabotolo ka timibulu tachikasu tonga mazira a chambo.

Ndinamwa sabata zitatu, ziphuphu zinangoitana abale awo. Ndinati mwina mphamvu yachepa, ndiye ndinayamba atatuatatu, ngati mtedza.

Chondipulumutsa chinakwera chokha pakaliyala pa Songani: mayi wina namwino, wopita cha ku Malosa. Pofuna kuoneka wotsogola, ndinawauza za mankhwala anga.

"Achimwene, padzuwa mumakhalapo maola angati?"

"Kuyambira m'mamawa mpaka likalowe kuseri kwa phiri, mayi."

Anaseka mpaka njinga inayamba kuvina pamsewu. Akuti vitamini ameneyu khungu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa, wina timamupeza mu nsomba zamafuta ndi mazira, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza thupi kutenga kashiamu wolimbitsa mafupa. Timibulu timathandiza anthu ngati a ku London, kumene dzuwa la nyengo yozizira limangowala ngati tochi yotha mabatire, kapena munthu amene wapimidwa magazi n'kupezeka kuti ndi wopereweradi. Inde khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo, koma ine, wowambidwa tsiku lonse mu Okutobala ngati matemba a ku Chilwa pathandala? Ndinagula madzi nditaima mumtsinje.

Za atatuatatu zija sanaseke. Vitamini D wotsala satuluka ndi mkodzo, amaunjikana m'thupi, kashiamu n'kuchuluka m'magazi, mapeto ake timiyala mu impso. Miyendo inazizira pamapedulo.

"Nanga ziphuphuzi, mayi?"

Akuti ndi mafuta a pakhungu otseka timabowo pamodzi ndi khungu lakufa, tizilombo n'kupezerapo nyumba. Zikakula msinkhu ndipite kuchipatala, ndipo ndileke kufinya. Kenako anafunsa mwaulemu, nkhope atayang'anitsa kumbali, kuti chipewa changa chinachapidwa liti. Ndinawerengera mumtima. Chinachapidwa ndi mtsinje wa Domasi, tsiku limene ndinagweramo ndi thumba la mpunga la mwiniwake.

Ndalama ya ulendowo sindinalandire, manyazi.

Pano chipewa chimaona sopo Loweruka lililonse, ndipo ziphuphu zatsala zisanu, zokakamira ngati angongole. Alamu anabwerera ku Joni. M'kabotolo muja mayi akunyumba akusungiramo singano. Mukafika pa Songani n'kuona wakabaza wa chipewa choyera mbee, kwerani, koma nkhani ya dzuwa musaiyambe.