Za Njinga Yako ya Pachithunzi

Mng'ono wanga,

Kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu cha Juni chikulowa mpaka m'mafupa. Kaya inu kumeneko, amayi ndi mwendo wawo uja?

Chithunzi unanditumizira pa WhatsApp ndachiona, ndipo uthenga wako wa mawu ndaumvera mpaka kumapeto ngakhale wandimalizira bandulo. Ukuti ndikugulire Royal Enfield Classic 350 chifukwa Lifo yako yatopa, ndipo anzako pa siteji ya ku Chinsapo ayamba kukuderera. Chabwino. Koma tachiyang'ananso chithunzicho. Bambo wandevu, jekete lachikopa, kapu ya khofi m'manja, waima pamwamba pa phiri dzuwa likulowa. Kumbuyo kwake mayi akuseka ngati lendi analipira kale ya chaka chonse. Palibe thumba la makala, palibe wapolisi, palibe mzere wa mafuta. Ndiye tandiuza, bamboyo kuphiriko wamutuma ndani, ndipo amulipira zingati?

Otsatsa malondawa ndi ochenjera. Iwe ukuganiza kuti akugulitsa njinga, pamene iwo akugulitsa ndevu, khofi ndi phiri. Njingayo ndi basera chabe.

Nanga ukudziwa chifukwa chake ikufanana ndi mthuthuthu umene ankakwera abambo mfumu popita kukachita misa kumidzi? N'zadala. Kampaniyi inapanga njinga yake yamoto yoyamba mu 1901 ku Redditch, ku England. Mu 1955 anayamba kuzilumikiza ku Madras, kumene lero akuti Chennai, ndipo fakitale ya Angerezi itatsekedwa, Amwenye anapitiriza okha. Tsono dzina lachizungulo lisakunjenjemeretse: kwawo n'kumodzi ndi Boxer imene mumapikisana nayo tsiku ndi tsiku. Injini ya mtundu ukufunawo inatuluka mu 2020, koma anaiveka thupi la makedzana, nyali yozungulira ndi zitsulo zonyezimira, kuti wogula azimva ngati agogo ake. Kwathu chinthu chikakalamba timachibisa kuseri kwa nyumba alendo akamabwera. Kuno amachipanga chatsopano n'kuchikalambitsa, mtengo n'kukwera.

Chithunzicho ndinachionetsa kwa anzanga amene timadikira nawo maoda panja pa sitolo ku Rosebank, aliyense ndi bokosi lake kumbuyo kwa Big Boy kapena Honda Ace. Mzimbabwe wina anangofunsa kulemera kwake. Titafufuza tinapeza makilogalamu 195, kutanthauza matumba anayi a chimanga kungotapako pang'ono. Anaseka mpaka kukhosomola, amvekere ikakugwera m'matope udzafunika kuitana mpingo wonse kuti uidzutse. Ndipo iwe matope a Chinsapo mu Januwale ukuwadziwa kuposa ine.

Mnyamata wa ku Mangochi anayang'ana mpando nthawi yaitali, n'kufunsa kuti mayi wa mwana kumsana, beseni la tomato ndi mlamu wake akhala pati. Kenaka anazindikira kuti ilibe kiki. Batire likafa, basi, uyambe kukankha matumba anayi aja. Kabyuleta ilibenso, mafuta amawapopa ndi magetsi. Makaniko wako wa ku Biwi uja, amene matenda onse a njinga amawachiza pomasula kabyuleta n'kuuziramo ndi pakamwa, adzauzira pati? Sipeya yake ukaifunse ku Malangalanga, akakupatsa mpando kuti ufotokoze bwinobwino.

Koma panali Mkongo mmodzi amene anatikalipira tonse. Iye akuti ndife anthu opanda mtima, timaona chilichonse ngati khasu. Akuti munthu akhoza kugona ndi njala mwezi wathunthu, bola atsike pa njinga yotere anthu n'kutembenuka. Ameneyu amavala nsapato zoyera popereka chipisi, ndiye usamutengere kwenikweni. Komabe pang'ono akunena zoona. Ine njingayi ndinaimva ikulira pa maloboti ku Parkhurst: du, du, du, mofatsa, mosapupuluma, osati kulira kwa zathuzi kokhala ngati zikudandaula ngongole. Mtima wanga unagunda, sindikana.

Mwini wake anali mdala wachizungu wa imvi mbuu. Ndinamufunsa liwiro lake, iye n'kuvomera yekha kuti mphamvu zake ndi mahatchi 20 okha, pa msewu wa N1 magalimoto amamupitirira onse. Nanga munaiguliranji? Akuti chofunika si kufika, koma mmene ukumvera uli m'njira. Ndinangoti zikomo bwana, poti ine foni inali ikulira kuti chakudya cha kasitomala chikuzizira. Mdalayo amaitulutsa Lamulungu lokha, kupita ku Hartbeespoort kukadya mazira ndi soseji, n'kubwerera. Masiku ena onse imagona mu galaja itafunda nsalu. Iwe amene mwini njinga amakudikira madzulo aliwonse ndi dzanja lotambasula, kayese kumuuza za mmene umamvera uli m'njira.

Mwezi wathawu ndinaona zina. Kuli mwambo wotchedwa Distinguished Gentleman's Ride, umene unayambira ku Sydney mu 2012. Eni njinga zooneka zakalezi amavala masuti, mataye ndi mawesikoti, n'kuzungulira tauni posonkha ndalama zolimbana ndi khansa ya abambo ndi matenda a nkhawa. Cholinga n'chabwino, ndinawomba nawo m'manja. Koma majekete ake, mng'ono wanga! Enieni aja agogo anabwera nawo kuchokera ku Wenela, amene ife tinkachita nawo manyazi akativeka pa Khirisimasi. Pa kaunjika wa mu msika wa Tsoka alipo mulu, ogulitsa amachita kukuchonderera. Kuno munthu akavala limeneli amajambulidwa ndi atolankhani.

Ndiye werengera wekha. Ndalama ya njinga imodziyi ingagule ma Lifo angapo, usanaphatikize wa thiransipoti woidutsitsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, komanso msonkho wa pa Dedza. Itafika, makasitomala a ku Mgona ndi ku Nsungwi sadzawonjezera ngakhale K100 chifukwa nyali ndi yozungulira. Adzangoti kabaza uyu walemera, atichotsereko mtengo.

Mawa nditumiza ndalama pa Mukuru, koma m'dzina la amayi, usakwiye. Ugule tayala lakumbuyo, tcheni ndi mabuleki, komanso chipewa chenicheni cha njinga, osati cha omanga nyumba chimene ndinakuona nacho pa Facebook. Chenji ukasankhe jekete ku Tsoka. Ndevu usunge wekha, sizilipira msonkho. Phiri lilipo la Ngwenya, ukakwere dzuwa likamalowa mlongo wako akujambule, koma upite ndi tiyi wa mu fulasiki chifukwa khofi amakuyambitsa mutu.

Amayi uwauze kuti bulangeti lawo likubwera kumapeto kwa mwezi. Alamu a ku Kawale akafunsa za foni ija, uziti netiweki inadula.

Ine mkulu wako,
ku Rosettenville