Mawu a Gitala Akoma Akagonera

Mawu a akuluakulu akoma akagonera, anatero makolo. Chimene sanatiuze n'chakuti agonere nthawi yaitali bwanji. Agogo akakuletsani kukwatira uje, mumadzawamvetsa patapita zaka, ana ali kale atatu, katundu ali pakhonde. Oimba gitala alibe chipiriro chotere. Iwo ali ndi kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa delay, kamene kamagoneka mawu kwa kanthawi kochepa n'kuwabweza. Mukaliza nsambo kamodzi, imamveka katatu kapena kanayi, ndipo omvera amayesa ndinu katswiri.

Kabokosika kamagulidwa m'sitolo. Koma pali anthu amene mtendere umawayabwa, ndipo amasankha kukapanga okha.

Mtima wa delay ya analog ndi ka IC kotchedwa BBD, kamene Sangster ndi Teer anatulukira ku Philips mu 1969. Dzinalo analitenga pa mzere wa anthu opatsirana zidebe za madzi pozimitsa moto. Mu BBD yotchedwa MN3005, imene inkapangidwa ndi Matsushita ku Japan, muli zidebe 4,096 zoterozo: timakapasita tosaoneka ndi maso, kalikonse kamalandira kachidutswa ka mawu n'kutsanulira kanzake. Amene anaimapo pamzere wotere akudziwa kuti chidebe chimachoka pachitsime chili thoo, koma chimakafika pamoto chitatayikira m'njira, muli tizitsotso. Mawunso amatuluka chimodzimodzi: ochedwa, obuntha, ndi kaphokoso ka sii pansi pake. Amisiri akale ankati chimenechi n'chilema, ndipo anakhetsa thukuta kupanga delay za digito zobweza mawu oyera. Lero anthu akutaya ndalama kusakasaka chilema chomwecho. Akuti mawu ake ndi ofunda.

Zidebezo zili ndi kapitawo wake, IC ina yotchedwa MN3101, imene imalamula liwiro lopatsirana. Kapitawoyu akamakuwa ka 10,000 pa sekondi, mawu amachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 205. Mukafuna kuti afike pa 300, monga pa Boss DM-2 ya mu 1981, liwirolo liyenera kutsika mpaka pansi pa 7,000, ndipo pamenepo khutu limayamba kumumva kapitawoyo akuimba likhweru lake m'sipika. Kuti mumutseke pakamwa mumaika zosefa, koma zosefazo sizisankha: zimameza likhweru pamodzi ndi mawu okwera a gitala yanu. Apa ndiye pamene makolo anatibisira. Mawu akagonera mopitirira, amadzuka opanda mano.

Ntchito yowotcherera ndi mtovu si yovuta kwenikweni, bola musagwire chitsulo kumene kwatentha. Chozunguza mutu ndi tizopotokola tam'kati, ma trimpot, tofuna kasikuludiraiva kakang'ono. Mwamaliza zonse, mwaika batire, mwaponda, kuli zii. Mupotoza ka bias pang'ono chabe, mawu akubwera koma osweka ngati gitala ili ndi chifuwa. Mupotozanso kanyenyeswa, akumveka bwino. Muyetsemula, athawa. Amene ali ndi oscilloscope amamaliza msanga. Otsalafe timadalira khutu ndi pemphero.

Komanso chenjerani ndi msika. Matsushita inasiya kalekale kupanga ma IC amenewa, ndipo achinyengo amatenga ka IC kalikonse ka miyendo yofanana n'kulembapo MN3005. Ngati mtengo wake ukukusangalatsani, kasiyeni. Alipo atsopano enieni, monga V3205 ya Coolaudio ndi MN3005 ya Xvive. Ena amathawira kwa PT2399 ya ku Taiwan, yotchipa ndiponso yosavuta. Imagwira ntchito bwino ndithu, koma m'kati mwake ndi ya digito, ndiye musamanamize anzanu kuti muli ndi zidebe.

Chopotokola chimene ndimachiopa ndi cha repeat. Chimatenga mawu otuluka n'kuwabwezeranso polowera, kuti agonerenso kachiwiri ndi kachitatu. Chikakhala pakati, kubwereza kulikonse kumatsikirako mpaka kuzimiririka mwaulemu. Mukachipotoza mpaka kumapeto, mawu amayamba kudzidyetsa okha, kukwera, kukuwa, osadikiranso gitala. Tonse timamudziwa mkulu wotere pamsonkhano wabanja: mfundo inali yabwino ulendo woyamba, koma pofika wachisanu nsima yazizira, iye akuti akungoyamba kumene. Mwayi wa kabokosika ndi wakuti kali ndi poponda kuti kakhale chete.

Inu amene mwaganiza zoyesa, musawotcherere BBD pabolodi. Ikani soketi kaye, IC ilowe pomaliza. Ndipo tsiku loyatsa koyamba tsitsani voliyumu ya ampu, makamaka ngati mumakhala nyumba ya lendi yogundana khoma ndi eni ake.