Tulo ta m'foni

"Foni imeneyi sigona, malume. Batireli musalinamizire."

Mawuwa anachokera pa kabenchi ka wokonza mafoni, pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pomwe tinaunjikana anthu angapo pothawa mvula. Wolankhulayo anali mtsikana wophunzira za makompyuta, amene nthawi ya tchuthi amathandiza amalume ake. Mwini foni, mnyamata wa kabaza, anali atafotokoza kale vuto lake: batire ndi latsopano, koma dzuwa likangopendeka limakhala litatha, ndipo foniyo imatentha ili m'thumba.

Amalumewo anayika sikuludiraiva pansi. "Iwe, foni imagona? Nanga ikagona uthenga umalowa bwanji?"

Mtsikanayo sanathamange. Anayamba ndi kuwakumbutsa kuti foni iliyonse ya Android ili ndi Linux m'kati, kernel yomwe Linus Torvalds anaiyamba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991. Kernel ndiyo imagawa nthawi ya pulosesa. Pulogalamu iliyonse, kaya WhatsApp kaya Facebook, imagwira ntchito zake kudzera m'tizigawo totchedwa thread: ina yodikira chala pa sikirini, ina yodikira uthenga wa pa netiweki, ina yodikira kuti chithunzi chiwerengedwe. M'foni imodzi ma thread amakhalamo mazanamazana, pomwe pulosesa ya mafoni ambiri ili ndi mitu isanu ndi itatu yokha. Chimene chimapulumutsa foni n'chakuti pafupifupi onsewo amakhala ali m'tulo.

"M'tulo motani?" anafunsa wa kabaza, yemwe tsopano anali atavula chipewa chake chanjinga n'kukhala pa kreti.

"Achimwene, munapitako kuchigayo magetsi atazima?"

Tonse tinaseka, chifukwa funso limenelo ndani angaliyankhe kuti ayi. Munthu wanzeru, anatero mtsikanayo, amayika thumba lake pamzere n'kukagona pansi pa mtengo, podziwa kuti magetsi akayaka mwini chigayo adzamudzutsa. Wopusa amayima pakhomo tsiku lonse n'kumafunsa kuti ayaka kodi, ayaka kodi. Onse awiri agayitsa nthawi imodzi, koma winayo afika kunyumba miyendo itatupa. Thread ikapempha chinthu chomwe sichinafike, kernel imailemba pa mndandanda wa odikira chinthucho, imaichotsa pa mndandanda wa oyenera kupatsidwa pulosesa, kenako imaitana schedule() kuti isankhe ina yoti igwire ntchito. Yogonayo sidya nthawi ya pulosesa ngakhale pang'ono. Ikasowa yoti ipatsidwe ntchito, pulosesa nayo imatsitsa mphamvu zake, ndipo ndi pamenepo pomwe batire limapumira.

Kudzutsa kumayambira kunja. Chala chikagunda sikirini, kapena uthenga ukafika pa netiweki, kachipangizo kokhudzidwako kamatumiza chizindikiro chodukiza pulosesa, chomwe a makompyuta amati interrupt. Kernel imasiya zomwe imachita, imaona chomwe chafika, n'kuitana wake_up() pa mndandanda woyenera. Apa mtsikanayo anakweza chala: kudzutsidwa si kuyamba ntchito pompo. Thread imangobwezedwa pa mndandanda wa okonzeka, ndipo imadikira kuti mpata wake ukwane.

Amalumewo anati zonsezi n'zosavuta, ndipo akudabwa kuti anthu amalipira fizi kukaphunzira zimenezi.

Ndikuganiza kuti mtsikanayo ankadikira mawu omwewa, chifukwa nkhope yake inawala. "Chabwino, malume. Mwafika kuchigayo, mwaona kuti magetsi kulibe. Mwatembenuka kuti mukatenge thumba muliyike pamzere. Pa kanthawi komweko magetsi ayaka, mwini chigayo wadzutsa onse omwe matumba awo ali pamzere. Lanu palibe. Inu simunaone kanthu, mwayika thumba n'kukagona. Akudzutsani ndani?"

"Adzandidzutsa magetsi akadzayakanso."

"Ali oyaka kale. Sayakanso kachiwiri."

Amalumewo anakhala chete, n'kuyamba kupukuta magalasi awo omwe sanali akuda.

Vuto limeneli ndi limene limasowetsa tulo anthu olemba ma kernel, ndipo ine ndinaona kuti pamenepa ndi pomwe panagona nkhani yonse. Kugoneka thread n'kosavuta. Chovuta ndi kampata kakang'ono kapakati pa kuona kuti chinthu palibe ndi kugona kwenikweniko. Kudzutsa kukagwera m'kampata kameneko kumatayika, ndipo thread imagona mpaka kalekale, pulogalamu n'kuuma. Choipa kwambiri n'chakuti zoterezi zikhoza kuchitika kamodzi pa maulendo osawerengeka, moti woyesa pulogalamu sazipeza, amazipeza ndi mwini foni. Mankhwala ake mu Linux ali pa ndondomeko ya zochita. Thread imayamba yadzilemba pa mndandanda ndi kudziyika chizindikiro chakuti ikufuna kugona, kenako ndi pomwe imayang'ana ngati chinthucho chafika. Kudzutsa kukabwera pakatipo, kumapeza dzina lilipo kale n'kufufuta chizindikiro cha tulo chija, choncho schedule() ikaitanidwa thread siichotsedwa pa mndandanda wa okonzeka. Ndipo ikadzuka imayang'ananso kachiwiri, chifukwa mwina ina yaiphangira chomwe inkadikira. Ikapeza palibe, imagonanso.

Mayi wina wogulitsa nthochi, amene tonse tinkaganiza kuti sakumvetsera, analowererapo. "Nanga mwini chigayo akadzutsa anthu onse, pomwe chigayo chimalandira thumba limodzi?"

Mtsikanayo anawomba m'manja. Anati Unix yakale ya ku Bell Labs, ya Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, inkachita chimodzimodzi: mu mtundu wake wa 1975, wakeup inkadzutsa onse ogona pa chinthu chimodzi, mmodzi n'kupambana, ena onse n'kubwerera kukagona. Pa makina aang'ono a nthawi imeneyo zinalibe kanthu. Pa seva yokhala ndi odikira ambirimbiri ndi kuwononga nthawi ya pulosesa. N'chifukwa chake Linux imalola thread kudzilemba m'njira yoti podzutsa adzutse imodzi yokha. Anatchulanso futex, yomwe inalowa mu Linux mu 2002: thread ikafuna loko yotsekera anzake pa chinthu chomwe amagawana n'kupeza palibe wina waigwira, imangotenga osavutitsa kernel, ndipo imapita ku kernel pokhapokha ikafunika kugona. Apa wa kabaza anayasamula, ndipo mtsikanayo anaidumpha msanga nkhaniyo.

Za foni ya wa kabaza zinapezeka mosachedwa. Mtsikanayo anatsegula pomwe pamaonetsa mapulogalamu odya batire, ndipo pamwamba panali kapulogalamu ka masewera komwe mwini wake anali atakaiwala. Android imalola pulogalamu kugwira wakelock, chilolezo choletsa foni yonse kugona, chomwe n'chofunika ngati ukumvera nyimbo sikirini ili yozima. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imagwira osasiya. Google inabweretsa Doze mu Android 6.0 mu 2015 kuti ichepetse khalidwe limeneli, koma Doze imagwira mwamphamvu foni ikakhala phee pamalo amodzi, osati ikamagwedezeka m'thumba la munthu wa kabaza pa msewu wa ku Bangwe. Kapulogalamuko kanachotsedwa. Amalumewo analipiritsabe, akuti ndalama ya benchi.

Mvula inali isanakate, ndipo amalumewo anali asanagonje. Anafunsa za mafoni ndi malaputopu omwe amawabweretsera atauma, pulogalamu yokana kutsekeka ngakhale uikakamize bwanji.

Mtsikanayo anati tulo tilipo ta mitundu iwiri. Pa Linux ukalemba ps aux, mapulogalamu ambiri amaoneka ndi chilembo S: ogona tulo topepuka, omwe ukawatumizira chizindikiro amadzuka. Ena amaoneka ndi D. Amenewa nthawi zambiri amakhala akudikira disiki, ndipo kernel imakana kuwadzutsa ntchito ili pakati kuopa kusokoneza zomwe zikulembedwa. Kawirikawiri tulo timeneti timatha munthu asanaphethire. Koma memori khadi ikawonongeka, kapena seva yakutali yosunga mafayilo ikasiya kuyankha, thread imakhala mu D osatulukamo, ndipo ngakhale kill -9, lamulo lomwe limapha china chilichonse, siliikhudza. Mu 2008 anawonjezera tulo tapakati, tomwe chizindikiro chakupha chokha chimatha kudula, koma si paliponse mu kernel pomwe amatigwiritsa ntchito.

"Ndiye zikatero mumatani, inu a sukulu?"

"Timazimitsa n'kuyatsanso."

Amalumewo anayang'ana wa kabaza, anayang'ana mayi wa nthochi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Zimenezotu ndakhala ndikuuza makasitomala kuyambira iweyo usanabadwe. Uwauze mayi ako andipatse ine fiziyo."